Mafunso a Awerengi: Mabakiteriya Amene Amapulumuka Moto wa Pamafuwa

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera mumzinda wa Mzuzu ndi madera ozungulira, ndipo ngakhale kuti ena akufunsa za chakudya, ena za ziweto, ena za kudimba, onse akukhudza gulu limodzi la mabakiteriya amene amatha kudzitsekera m'chikopa cholimba n'kugona kwa zaka zambiri. Makalatawo tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo.

FUNSO: Pa chinkhoswe cha mng'ono wanga tinaphika mpunga wa Kilombero m'mapoto akuluakulu atatu kuyambira usiku, n'kuusiya wovundikira mpaka masana. Tisanagawire alendo tinautenthetsanso mpaka unatuluka nthunzi, koma pasanathe maola atatu anthu ambiri anayamba kusanza. Mpungawo sunanunkhe ndipo sunasase. Achibale ena akuti wina anathiramo mankhwala. Kodi chakudya chimene chapita pamoto kawiri chingadwalitse bwanji? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha zimene zinakuonekerani pa tsiku lachisangalalo, ndipo tikukupemphani kuti musathamangire kuloza chala wachibale aliyense, chifukwa zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi ntchito ya bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene amakhala m'dothi ndipo amalowa m'khitchini pamodzi ndi mpunga wosaphika womwewo.

Mabakiteriya ambiri amafa chakudya chikapsa, koma a m'magulu a Bacillus ndi Clostridium ali ndi njira yawo yodzitetezera. Bakiteriya wotere chakudya chikayamba kumuthera pamalo pamene ali, amakopera DNA yake, imene ndi chibadwa chake, n'kuitsekera m'kachipinda kakang'ono m'kati mwa thupi lake lomwelo, kenako amakuta kachipindako ndi zikopa zingapo zolimba, amachotsamo madzi ambiri, n'kudzazamo calcium pamodzi ndi mankhwala otchedwa dipicolinic acid amene amathandiza kuti kutentha kusawononge zam'katimo. Mwa Bacillus subtilis, amene akatswiri amufufuza kuposa anzake onse, ntchito imeneyi imatenga pafupifupi maola 8, ndipo ikatha thupi la bakiteriya uja limasweka n'kusiya kanthu kouma kamene akatswiri amakatcha spore. Ife pano tizikatcha kanjere, koma mudziwe kuti n'kosiyana ndi njere ya chimanga imene imodzi imabala zambiri, pakuti bakiteriya mmodzi amapanga kanjere kamodzi, ndipo kanjereko kakadzuka kamatulutsa bakiteriya mmodzi yemweyo. Kanjere sikadya ndipo sikakula, kamangogona n'kumapirira dzuwa, chilala ndi madzi owira, mpaka tsiku limene kadzamve kuti pafupi pali chinyezi ndi chakudya. Amene anafotokoza zimenezi koyamba ndi wasayansi Ferdinand Cohn wa ku Breslau, mzinda umene panthawiyo unali ku Germany, m'chaka cha 1876, atadabwa kuona kuti madzi amene anawiritsiramo udzu wouma akudzalabe ndi mabakiteriya.

Tsopano taganizirani za mapoto anu aja. Moto wausiku unapha mabakiteriya ena onse amene akanalimbirana chakudya ndi Bacillus cereus, ndipo kutentha komweko kunadzutsa tinjere take. Mutaphula, mpunga wapamwamba ndi wam'mbali unazizira msanga, koma wapakati, wovundikiridwa ndi chivundikiro cholemera, mwina ndi nsalu pamwamba pake, unakhala wofunda mpaka kucha, ndipo kufunda kotereku n'kumene mabakiteriya amakonda. Ngati bakiteriya akugawikana pawiri pa theka lililonse la ola, mmodzi yekha amasanduka oposa 1 miliyoni pakatha maola 10. Pochulukanapo amatulutsa poizoni wotchedwa cereulide, amene alibe fungo, sasintha kakomedwe ka mpunga, ndipo sawonongeka ngakhale pa madigiri 121. Choncho pamene munatenthetsanso masana aja munapha mabakiteriyawo, koma poizoni wawo anatsala mumpunga. Poizoni ameneyu amasanzitsa pakati pa theka la ola ndi maola 6 munthu atadya, ndipo ambiri amachira pasanathe tsiku limodzi, ngakhale kuti mwana wamng'ono, nkhalamba kapena aliyense amene akulephera kusunga madzi m'mimba ayenera kupatsidwa ORS ndi kutengeredwa kuchipatala mwachangu.

M'poto wa nyama, wa nyemba kapena wa msuzi mumachitika zofanana, koma kumeneko wolakwa kawirikawiri amakhala Clostridium perfringens, amene amakonda pansi pa poto pamene kuwira kwachotsapo mpweya, ndipo pofunda bwino amatha kugawikana pa mphindi 10 zokha. Iyeyu amapotokola m'mimba ndi kutsegula pakati pa maola 6 ndi 24, ndipo popeza poizoni wake amapangidwira m'matumbo mwa munthu, kuwiritsanso ndiwozo mpaka zibwate paliponse kumathandiza.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndipo chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira kuchepera madigiri 5. Kwa amayi ophika pa ukwati, pamaliro kapena pamsonkhano wa mpingo, zimenezi zikutanthauza kuti mpunga uziphikidwa m'mawa wa tsiku lomwelo, m'magawomagawo, ndipo umene wapsa uzikhala pa makala mpaka nthawi yogawa. Wotsala muziuyala m'mathireyi kapena m'mabeseni osaya kuti uzizire msanga musanauike mufiriji, chifukwa poto wathunthu ngakhale mufiriji amachedwa kuzizira pakati. Food warmer imasunga kutentha kwa kanthawi chabe, ndipo maola akachuluka imasanduka malo ofunda oswera mabakiteriya. Tikudziwa kuti ambiri amadalira kuzizira kwa Mzuzu kwa mwezi wa June ndi July, koma m'nyumba zathu sikufika pa kuzizira kwa firiji. Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi phala la mwana limene limaphikidwa m'mawa n'kumaperekedwa pang'onopang'ono mpaka madzulo. Phala lotero liziphikidwa lokwanira nthawi imodzi.

FUNSO: Kusukulu tinaphunzira kuti kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma ndamva kuti pali ena amene safa ndi madzi owira. Ndiye kuwiritsa kuli ndi phindu lanji, ndipo kuchipatala amatani kuti zida zochitira opaleshoni zikhale zopanda tizilombo? Wophunzira wa ku Luwinga.

YANKHO: Musasiye kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini. Mabakiteriya amene amayambitsa kolera, typhoid ndi kamwazi sapanga tinjere, ndipo amafa madzi asanafike n'powira pomwe. Tinjere tochepa timene tingatsale m'madzi owiritsa sitipweteka munthu wamkulu, chifukwa vuto limayamba pokhapokha tikapeza malo odzukira ndi kuchulukana, monga m'chakudya chofunda kapena m'bala lakuya.

Kuchipatala nkhani yake ndi ina, popeza mpeni wa dokotala umalowa kumene kanjere kangadzukire. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka bwanji, madziwo amangosanduka nthunzi osatenthera kuposa pamenepo. Kuti tinjere tife pamafunika nthunzi yotsekeredwa m'chiwiya cholimba kuti ifike pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, ndipo chiwiya chimenecho ndi autoclave, imene Charles Chamberland, wogwira ntchito ndi Louis Pasteur ku Paris, anaipanga m'chaka cha 1879. Pressure cooker ya kukhitchini imayendera nzeru yomweyo. Chochititsa chidwi n'chakuti pofuna kudziwa ngati autoclave ikugwira ntchito, akatswiri amadalira tinjere tomweto: amaika kabotolo ka tinjere ta Geobacillus stearothermophilus, timene timapirira kutentha kwambiri, pakati pa mtolo wa zida, ndipo akamaliza amakasunga pofunda kuti aone ngati mumera kanthu. Mukamera, ndiye kuti makinawo alephera ndipo zidazo siziyenera kukhudza wodwala.

Makina otere asanafale, John Tyndall anaonetsa m'chaka cha 1877 kuti tinjere tingathe kupusitsidwa powiritsa chinthu lero, kuchisiya usiku kuti tinjere tidzuke, n'kuwiritsanso mawa ndi mkuja mpaka tonse titatha. Nkhani ya tinjereyi ndi imenenso imasiyanitsa mitundu iwiri ya mkaka wa m'sitolo: wotenthetsedwa pa madigiri 72 kwa masekondi 15 umafuna firiji chifukwa tinjere timatsalamo, pamene wa m'makatoni wotenthetsedwa pa madigiri 135 kapena kuposa kwa masekondi ochepa umakhala miyezi ngati sunatsegulidwe. Dziwaninso kuti spirit ndi sanitizer sizipha tinjere, pamene sopo ndi madzi oyenda zimatichotsa m'manja.

FUNSO: Ndinaponda msomali watsopano, wopanda dzimbiri, umene unagwera pafupi ndi khola la mbuzi. Anzanga akuti kafumbata amabwera ndi dzimbiri lokha. Kodi ndi zoona? Kalipentala wa ku Zolozolo.

YANKHO: Bambo, ngati simunapitebe kuchipatala, pitani lero lomwe ndipo mukawauze tsiku limene munavulala komanso ngati mukukumbukira nthawi imene munabayitsa katemera komaliza. Dzimbiri palokha siliyambitsa kafumbata. Amene amayambitsa ndi Clostridium tetani, amene tinjere take timapezeka m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo msomali, kaya watsopano kaya wakale, umangotikankhira m'kati mwa mnofu. Bala la msomali ndi lopapatiza komanso lakuya, limatsekeka pamwamba msanga, ndipo m'kati mwake simufika mpweya, zimene bakiteriya ameneyu amafuna kuti adzuke. Poizoni wake amayenda m'mitsempha n'kulepheretsa minofu kumasuka, ndipo nthawi zambiri chizindikiro choyamba ndi kuuma nsagwada, chimene chimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21. Matendawa sapatsirana, munthu amene anadwalapo n'kuchira akhoza kudwalanso, ndipo popeza tinjere take tili m'nthaka sitingathe kutichotsa m'dziko, n'chifukwa chake katemera ndi wofunika kwa aliyense. Ana amaulandira ku sikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, amayi oyembekezera amaulandiranso kuti ateteze mwana wobadwayo, ndipo pa mchombo wa khanda pasapakidwe ndowe, phulusa kapena dothi.

FUNSO: Ng'ombe yanga inafa mwadzidzidzi usiku, chonsecho dzulo lake inkadya bwinobwino. Inatupa msanga ndipo inkatuluka magazi akuda m'mphuno ndi kumbuyo. Mlangizi wa ziweto anatiletsa kuisenda ndipo tinaikwirira yonse, koma mtima ukundiwawabe chifukwa nyama ndi chikopa tikanagulitsa. Kodi panalibe njira yoiphika bwino kuti idyedwe? Mlimi wa ku Ekwendeni.

YANKHO: Bambo, kutaya ng'ombe yathunthu ndi chinthu chowawa kwa mlimi aliyense, ndipo sitikuchepetsa zimenezo, koma mlangiziyo anakuchitirani zabwino inuyo, banja lanu ndi ng'ombe zanu zotsala. Kufa mwadzidzidzi, kutupa msanga ndi magazi akuda osaundana otuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo ndi zizindikiro zimene zimachititsa alangizi kukayikira anthrax, matenda obwera ndi Bacillus anthracis. Ng'ombe imameza tinjere podya msipu waufupi wosakanikirana ndi dothi kapena pomwa madzi a m'zithaphwi, ndipo m'thupi mwake timadzuka n'kudzaza magazi. Chofunika kumvetsa n'chakuti mabakiteriya amenewa amapanga tinjere tatsopano makamaka akakumana ndi mpweya. Mtembo ukakhala wosatumbula, ambiri amafera momwemo pamene ukuola, koma mukausenda, magazi onse otayikira pansi, chikopa choyanikidwa padzuwa ndi mafupa amene agalu amakokera kutchire zimafesa tinjere pamalo amene ng'ombe zanu zidzadyepo kwa zaka zambiri. Ndipo munthu amatenga matendawa ngakhale nyama isanafike mumphika, pa nthawi yosenda ndi kudula. Kuwamba kapena kuyanika nyamayo sikupha tinjere.

Kutalika kwa moyo wa tinjere timeneti kunaoneka pachilumba cha Gruinard ku Scotland, kumene asilikali a Britain anayesera anthrax ngati chida cha nkhondo m'chaka cha 1942, ndipo chilumbacho chinakhala choletsedwa mpaka 1990, atachitsuka ndi mankhwala amphamvu. Kwathu kuno matendawa anapha mvuu zambiri ku Liwonde National Park kumapeto kwa 2018, ndipo mu 2023, pamene anavuta kwambiri ku Zambia, Unduna wa Zaumoyo unatsimikiza kuti munthu wina wapezeka nawo m'boma la Mzimba. Mwa anthu, nthawi zambiri amaoneka ngati chilonda cha pakhungu chakuda pakati, chotupa m'mbali koma chosawawa kwenikweni, ndipo amachizika ndi mankhwala a kuchipatala ngati munthu wafika msanga. Aliyense amene anagwira ng'ombe yanu ija ayang'anitsitse manja, mikono ndi khosi.

Katemera wa ziweto amene akugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri anapangidwa ndi Max Sterne ku Onderstepoort, South Africa, m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndi tinjere tamoyo ta mtundu wofooka wa bakiteriya yemweyo. Amaperekedwa chaka ndi chaka. Funsani mlangizi wanu za katemerayu. Pamalo pamene munakwirira mutchinge ndi minga kuti ziweto zisadyepo, musadzalimepo, ndipo ngati zotere zitachitikanso dzenje likhale lakuya mamita 2 komanso lotalikira chitsime ndi mtsinje.

FUNSO: Mdzukulu wanga wa miyezi 5 akutsokomola, ndipo ndimafuna kumupatsa uchi weniweni umene ndinagula ku Nkhata Bay, koma mpongozi wanga akukana. Agogo a ku Chiputula.

YANKHO: Agogo, apa mpongozi wanu akunena zoona, ngakhale uchiwo ukhale wabwino chotani. Uchi nthawi zina umakhala ndi tinjere ta Clostridium botulinum timene njuchi zimatenga ndi fumbi. M'matumbo mwa munthu wamkulu timangodutsa, koma mwa mwana wosakwana chaka chimodzi timatha kudzuka n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu, kotero kuti mwana amadzimbidwa, amalephera kuyamwa, amalira mofooka ndipo khosi limalefuka. Mwana wa miyezi 5 amafunika bere lokha, ndipo chifuwacho akachione a chipatala. Bakiteriya yemweyu ndi amene amachititsa kuti chakudya cha m'chitini chotupa kapena chotuluka thovu potsegula chikhale choyenera kutayidwa osalawa n'komwe.

FUNSO: Ndimalima kabichi ndi repu m'dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa. Timbozi tobiriwira tikuboola masamba, ndipo mankhwala amene ndimapopera sakugwiranso. Ndamva za mankhwala otchedwa Bt opangidwa ndi mabakiteriya. Kodi si zoopsa kupopera tizilombo pa ndiwo zimene anthu adye? Mayi wa ku Masasa.

YANKHO: Mayi, mantha anu ndi omveka, makamaka mutawerenga mayankho ali pamwambawa, koma m'gulu lomweli muli mabakiteriya amene anthu amawaweta dala. Enzyme yochotsa madontho a magazi ndi mazira mu sopo waufa wochapira imachokera kwa mabakiteriya a Bacillus, mankhwala a pabala otchedwa bacitracin anapezeka mwa iwo m'chaka cha 1945, ndipo ku Japan amagwiritsa ntchito Bacillus subtilis popanga chakudya cha soya chotchedwa natto.

Bt ndi chidule cha Bacillus thuringiensis. Shigetane Ishiwata anamupeza ku Japan m'chaka cha 1901 akupha mbozi zopanga ulusi wa silika, Ernst Berliner anamupezanso m'chaka cha 1911 mu mbozi za mu ufa za m'chigawo cha Thuringia ku Germany, kumene dzina lake linachokera, ndipo anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a kumunda ku France m'chaka cha 1938. Bakiteriya ameneyu akamapanga kanjere amapanganso kamwala kakang'ono ka puloteni pambali pake. Mbozi ikadya tsamba lopoperedwa, kamwalako kamasungunuka m'matumbo mwake, mmene mulibe asidi ngati wa m'mimba mwathu, n'kukakamira pa malo apadera a khoma la matumbowo ndi kuliboola. Matumbo a munthu, a mbuzi ndi a nkhuku alibe malo okakamirapo amenewo, n'chifukwa chake Bt amawerengedwa kuti ndi mmodzi mwa mankhwala osaopsa kwa mlimi ndi wogula, ndipo mitundu yophera mbozi kawirikawiri sipha njuchi kapena tizilombo todya mbozizo. Komabe popeza ndi wachibale wa Bacillus cereus, masamba azitsukidwa bwino monga mwa nthawi zonse. Mitundu ya kurstaki ndi aizawai ndi imene imapha mbozi, pamene wa israelensis, amene anapezeka ku Israel m'chaka cha 1976, amathiridwa m'madzi kuti aphe mphutsi za udzudzu. Thonje la Bt limene boma linaloleza kuti alimi azilima kuno ku Malawi ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko chibadwa chopangira puloteniyo chinaikidwa mumbewu momwemo.

Ambiri amene amakhumudwa ndi Bt amakhala kuti ayembekezera kuona mbozi zikugwa nthawi yomweyo. Mbozi imasiya kudya patangopita maola ochepa, koma imafa pakatha masiku 2 kapena 3, ndipo iyenera kudya tsamba lopoperedwalo, pakuti kungoinyowetsa pamsana sikuipha. Muziyendera dimba m'mawa n'kumatembenuza masamba, chifukwa timbozi ta kabichi timabisala kunsi n'kumadya mnofu wa tsamba, kusiya kachikopa kopyapyala koonekera kuwala, ndipo mukatikhudza timadzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi. Nthawi yabwino yopopera ndi imeneyo, tikadali tating'ono komanso tisanalowe m'mutu wa kabichi. Muzipopera madzulo chifukwa dzuwa limawononga puloteniyo, muzilozetsa mpope kunsi kwa masamba, ndipo mvula ikagwa, monga imachitira kawirikawiri kuno ku Mzuzu, mubwerezenso. Nsabwe za m'masamba sizifa ndi Bt chifukwa zimayamwa madzi a m'kati mwa tsamba. Musadalirenso Bt yekha nyengo zonse, popeza mbozi ya kabichi yomweyi ndi imene inayamba kupezeka itazolowera Bt m'minda ya ku Hawaii cha m'ma 1990. Muzisinthanitsa ndi njira zina, muzizula zitsa za kabichi mukakolola, ndipo pamalo amenewo muzibzalapo mbewu ina monga anyezi kapena nyemba.

Pogula, onetsetsani kuti paketiyo ndi yovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, yatchula mtundu wa Bt umene uli m'katimo, ndipo tsiku lake silinapitirire. Ufa wa Bt umasungika nthawi yaitali pamalo ouma ndi amthunzi, mosiyana ndi inoculant ya soya, ufa wosakaniza ndi mbewu pobzala, imene mabakiteriya ake sapanga tinjere ndipo amafa msanga ndi kutentha, koma mukausungunula m'madzi muupopere tsiku lomwelo, ndipo muyeze mlingo umene walembedwa papaketi.